Lamba, tepi ndi sipuling'i: mbiri ya malonda a ntchafu zoonda

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, mayi wa ku New York kapena Chicago akafuna kuchepetsa ntchafu sankauzidwa kuti athamange. Ankapita kunyumba yokongoletsera thupi, n'kuima kutsogolo kwa makina, wantchito n'kumukoloweka lamba wotakata m'ntchafu kapena m'chiuno, kenako n'kuyatsa magetsi. Lambayo ankanjenjemera mwamphamvu, mnofu wonse uli gwedegwede. Eni malo ankati kugwedezako kumaphwanya mafuta, ndipo magazi amawakokolola. Mayi ankachoka pamakinapo khungu litafiira, likuyabwa, n'kulipira ndi mtima wonse. Mafuta ankatsala pomwe anali.

Makina oterewa anachokera kutali. Dokotala wa ku Sweden, Gustav Zander, anatsegula malo ochizira anthu ndi makina mumzinda wa Stockholm m'chaka cha 1865. Ena mwa makina ake munthu ankakankha kapena kukoka yekha, monga zimakhalira m'majimu a masiku ano. Ena ankayendetsedwa ndi injini: ankasisita, kugwedeza ndi kupinda ziwalo za wodwala amene analibe mphamvu zodzilimbitsira yekha. Mu 1876 Zander analandira mendulo pachionetsero chachikulu cha ku Philadelphia, ndipo dzina lake linamveka ku Ulaya ndi ku America. Iye ankaganizira ofooka ndi ovulala. Amalonda amene anabwera pambuyo pake anaona kuti ndalama zili pa makina osatulutsa thukuta aja, ndipo anawagulitsa kwa amayi athanzi labwinobwino.

Ku Hollywood, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mayi wochokera ku Norway dzina lake Sylvia Ullback anatchuka ndi manja ake okha. Ankatsina, kukanya ndi kumenya ntchafu za akatswiri a kanema, akunena kuti mafuta angathe kufinyidwa mpaka kutha. Pambuyo pake kunabwera Relax-A-Cizor, kabokosi kotumiza magetsi m'minofu kudzera m'timapadi tonyowa tomata pakhungu. Makina oposa 400,000 anagulidwa khoti la ku America lisanawaletse mu 1970, litapeza kuti angathe kuchititsa mayi kupita padera komanso kukulitsa matenda a khunyu ndi zilonda za m'mimba.

Amayi ankadzipereka kwa makina oterewa osati chifukwa cha ulesi. Kwa zaka zambiri madokotala ndi aphunzitsi ankawaopseza kuti masewera olemera amawononga chiberekero ndipo amapatsa mkazi thupi lachimuna. Pa masewera a Olympics a 1928 amayi anathamanga mtunda wa mamita 800, koma nyuzipepala zinakokomeza kutopa kwawo, mpikisanowo n'kuchotsedwa mpaka 1960. Mtunda wautali wa marathon amayi anauthamanga koyamba pa Olympics mu 1984. M'dziko lotere, mkazi wofuna kusintha thupi lake ankaloledwa chilichonse kupatula chinthu chimodzi chimene chikanamuthandiza.

Analipo ena amene anakana zimenezi. Mu 1930 Mary Bagot Stack, mayi wobadwira ku Dublin amene mwamuna wake anafa pankhondo yoyamba yapadziko lonse, anayambitsa bungwe la Women's League of Health and Beauty mumzinda wa London. Atsikana ogwira ntchito m'masitolo, m'maofesi ndi m'mafakitale ankalipira makobiri 6 pa phunziro, n'kumapinda mawondo, kukweza miyendo ndi kudziwongola motsatira nyimbo, atavala akabudula akuda ndi mabulauzi oyera opanda manja. Stack anamwalira mu 1935, mwana wake Prunella n'kutenga udindo, ndipo pofika 1937 mamembala anali atakwana 166,000. Ku America, Jack LaLanne anatsegula jimu ku Oakland mu 1936, ndipo kuyambira 1951 anayamba kuonekera pa wailesi yakanema m'mawa, nthawi imene abambo apita kuntchito. Zida zake zinali zopezeka m'nyumba iliyonse. Mayi ankagwira mpando wakukhitchini, n'kumakweza mwendo cham'mbali ndi chakumbuyo, LaLanne akuwerenga. Pulogalamuyo inatha mu 1985, ndipo amayi ochuluka zedi anaphunzira masewera awo oyamba a miyendo kwa iye.

Wina woyenera kumukumbukira ndi Lotte Berk, katswiri wa gule wa pasiteji wochokera ku Cologne, Myuda amene anathawa ulamuliro wa Hitler n'kukakhala ku London. Atavulala msana, anasakaniza masewera a ovina ballet ndi aja amene amaphunzitsidwa kwa ovulala, ndipo mu 1959 anatsegula sukulu yake m'chipinda chapansi mumsewu wa Manchester Street. Ophunzira ankagwira chitsulo chopingasa pakhoma, n'kuimirira ndi zala, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kumatsika ndi kukwera pang'onopang'ono mpaka ntchafu zitayamba kunjenjemera zokha. Makalasi otchedwa barre amene adzaza m'mizinda ya ku Ulaya ndi America lero ndi zidzukulu za chipinda chapansi chimenecho.

Koma chimene chinasandutsa ntchafu kukhala nkhani ya dziko lonse ndi nsalu. M'zaka za m'ma 1960 Mary Quant ndi osoka anzake anakweza siketi kupitirira mawondo, ndipo mtsikana woonda kwambiri, Twiggy, anakhala chitsanzo cha kukongola kuyambira 1966. Chiwalo chimene chinkabisika kwa mibadwo chinaonekera mumsewu. Mu 1968 magazini ya Vogue inauza owerenga ake za cellulite, timabampu ta pakhungu la ntchafu ndi matako timene amayi ambiri akuluakulu ali nato mwachibadwa, oonda ndi onenepa omwe. Mu 1973 Nicole Ronsard, mwini nyumba yokongoletsera thupi ku New York, analemba buku lonse la nkhaniyi, ndipo linayenda malonda kwambiri. Chinthu chimene agogo awo sankachiona ngati vuto chinasanduka nthenda yofunika mafuta opaka, maburashi ndi kusisita kolipira.

Chaka chomwecho cha 1973, boma la Malawi linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala siketi zazifupi ndi mathalauza, ndipo linagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kuno ntchafu inakhalabe mkati mwa chitenje, ndipo kuuza munthu kuti wanenepa kunali kumuyamikira. M'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, kuonda kunkabweretsa manong'onong'o. Malonda a ntchafu zoonda anachedwa kupeza msika kuno, ndipo afika kwenikweni kudzera pa foni.

Chaka chachikulu pa mbiriyi ndi 1982. M'mwezi wa Epulo munatuluka tepi ya Jane Fonda's Workout. Fonda, katswiri wa kanema amene anali ndi zaka 44, anayamba masewerawa atathyoka phazi n'kulephera kupitiriza ballet, ndipo mu 1979 anatsegula sukulu yake ku Beverly Hills. Tepiyo inali ndi gawo la theka la ola la ongoyamba kumene ndi lina la ola lathunthu la ozolowera. Mayi ankagona cham'mbali pamphasa m'chipinda chochezera, n'kumakweza mwendo mobwerezabwereza, kenako n'kugwada, n'kumaponya mwendo kumbuyo. Matepi a Fonda onse pamodzi anagulidwa okwana 17 miliyoni. Ubwino wake sitingaukane: mayi wamanyazi, wopanda ndalama za jimu, anapeza mphunzitsi m'nyumba mwake, ndipo thukuta la mkazi linasiya kukhala chamanyazi.

Komabe m'tepi imeneyi munalinso msampha. Fonda ankalimbikitsa ophunzira kupitiriza mpaka mnofu uyambe kuwotcha. Kuwotchako kumamveka pamalo enieni amene munthu akudandaula napo, choncho n'zosavuta kukhulupirira kuti mafuta akusungunuka pomwepo. Chimene chimawotcha ndi mnofu wotopa, umene uli pansi pa mafutawo. Fonda mwiniwake anadzanena poyera kuti kwa zaka zambiri ankavutika ndi nthenda yodya kenako n'kudzisanzitsa, zimene zikusonyeza kuti thupi limene anthu ankasilira linali ndi mtengo wobisika.

Chaka chomwecho cha 1982, Wendy Stehling, wogwira ntchito yotsatsa malonda ku New York, anatulutsa kabuku kakang'ono kotchedwa Thin Thighs in 30 Days. Mkati mwake munali zinthu wamba: kuyenda ndawala, masewera angapo a miyendo ndi kusamala kadyedwe. Chimene chinagulitsa bukulo ndi lonjezo la pachikuto, la masiku 30. Ku Britain, Rosemary Conley anatsatira mu 1988 ndi buku la kadyedwe lolonjeza kuchepetsa chiuno ndi ntchafu, ndipo nalonso linagulidwa m'mamiliyoni.

Kenako kunabwera ThighMaster. Kachida kameneka ndi zitsulo ziwiri zopindika, zokutidwa ndi siponji, zolumikizidwa pakati ndi sipuling'i. Anakatulukira ndi Anne-Marie Bennstrom wa ku Sweden, koma kanatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene Suzanne Somers, wodziwika ndi sewero la pakanema la Three's Company, anayamba kukatsatsa. Ankaonekera atakhala pampando, akufinya kachidako pakati pa mawondo, akumwetulira, osatuluka thukuta ngakhale dontho. Mtengo unali madola 19.95, ndipo Somers ankanena kuti anagulitsa toposa 10 miliyoni. Kachidako kamalimbitsadi minofu ya mkati mwa ntchafu, imene imakokera miyendo pamodzi. Minofu ikuluikulu ya kutsogolo ndi kumbuyo kwa ntchafu, imene imanyamula munthu pokwera chitunda kapena podzuka pansi, sikaigwiritsa ntchito kwenikweni.

Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti akatswiri anali atayankha kale funsoli. Mu 1971 dokotala Grant Gwinup ndi anzake ku California anayeza mikono ya osewera tenesi, anthu amene amagwiritsa ntchito mkono umodzi kuposa unzake kwa zaka zambiri. Mkono wosewerera unali ndi minofu ikuluikulu, koma mafuta a pansi pa khungu anali ofanana m'mikono yonse iwiri. Mu 1984 Frank Katch ndi anzake pa University of Massachusetts anachititsa amuna 13 masewera a pamimba maulendo oposa 5,000 m'masiku 27, ndipo atayeza timinofu ta mafuta anapeza kuti pamimba sipanaphwe kuposa pamsana kapena m'matako. Mu 2013 Rodrigo Ramírez-Campillo ndi anzake ku Chile anafika pa mwendo penipeni: kwa milungu 12 anthu ankalimbitsa mwendo umodzi wokha, katatu pa mlungu, kukankha makina maulendo pafupifupi 1,000 tsiku lililonse la masewera. Mafuta anatsikadi, koma makamaka m'mikono ndi m'thupi lakumtunda, osati m'mwendo umene unakhetsa thukuta.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mnofu ukafuna mphamvu sumadya mafuta oyandikana nawo. Thupi limatulutsa mafuta m'malo osiyanasiyana, n'kuwaponya m'magazi, magaziwo n'kuwafikitsa kumene akufunika. Ndipo mafuta a m'ntchafu za amayi ndi ouma mutu mwadala. Mtsikana akatha msinkhu, mahomoni achikazi amayamba kusunga mafuta m'chiuno, m'matako ndi m'ntchafu, ndipo thupi limawasunga ngati chimanga cha m'nkhokwe chodikira nyengo yovuta, makamaka ya kuyamwitsa.

Mafuta amenewa si mdani monga otsatsa malonda ankanenera. Kale mu 1947 dokotala wa ku Marseille, Jean Vague, anaona kuti anthu onenepa pamimba ndiwo amadwala kwambiri shuga ndi mtima kuyerekeza ndi onenepa m'chiuno ndi m'ntchafu. Mu 2009 kafukufuku wa ku Denmark, wotsogoleredwa ndi Berit Heitmann, amene anatsatira anthu oposa 2,800 kwa zaka zoposa 10, anapeza kuti amene ntchafu zawo sizinkakwana masentimita 60 kuzungulira anali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima ndi imfa yamsanga. N'zomvetsa chisoni kuti patangopita zaka zochepa, cha m'ma 2013, atsikana pa Tumblr ndi Instagram anayamba kupikisana pa mpata wa pakati pa ntchafu, chinthu chimene chimadalira kwambiri kapangidwe ka mafupa a m'chiuno, ndipo ena anadzimana chakudya mpaka kudwala.

Lero mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok akulonjezabe ntchafu zoonda, ena m'masiku 14, ena m'masiku 7. Masewera ambiri amene amaonetsa ndi abwino ndithu, ndipo ndi omwe aja a Stack, LaLanne ndi Berk: kunyonyomala ndi kudzuka, kuponya mwendo kutsogolo n'kupinda bondo, kukwera ndi kutsika sitepe, kugona chagada n'kumakweza chiuno. Chabodza ndi tsiku lolonjezedwalo komanso malo amene akuti mafuta achoka.

Wongoyamba kumene amathandizika ndi zochepa kuposa zimene amagulitsidwa. Aphunzitsi odalirika amamuyambitsa ndi kukhala pampando n'kudzuka osagwira kanthu, maulendo 8 mpaka 12, kupuma, n'kubwerezanso, mawondo akuloza kumene zala za kumapazi zaloza. Akazolowera amachotsa mpando, ndipo pambuyo pake amanyamula cholemera. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa mlungu za masewera monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kuphwanya kwa ntchafu kumene kumabwera tsiku lotsatira kapena mkuja n'kwachibadwa ndipo kumachepa thupi likazolowera, koma ululu wobaya m'bondo ndi chizindikiro choti munthu aime.

M'milungu yoyamba mphamvu zimawonjezeka msanga chifukwa mitsempha ikuphunzira kulamula minofu, ngakhale pagalasi sipaoneka kusintha. Kukula ndi kulimba kwa mnofu weniweni kumayamba kuoneka pakatha milungu 6 mpaka 8 kapena kuposerapo. Mafuta amatsika pokhapokha thupi likamagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa zimene likulandira m'chakudya, ndipo kumene ayambire kuchoka kumatengera mtundu wa makolo ndi mahomoni. Kwa amayi ambiri nkhope, chifuwa ndi mimba zimayamba kuphwa, ntchafu n'kudzatsatira mochedwa.