Mphunzitsi wa ku Leipzig ndi Mbale za Nyimbo Zace

Ife a kuno ku Mtenguleni tidziwa kuti cinthu cotayika sicibwera monga cinapitira. Nc'wala inaleka Angoni atagonja kwa Azungu m'caka ca 1898, ndipo pamene inauka m'caka ca 1980 anthu anayenera kufunsa nkhalamba za mabvalidwe, za kapondedwe ka ingoma, ndi za mau a Cingoni amene ambiri sanali kuwamvanso. Nkhani imene ndifuna kukamba nanu, aphunzitsi anzanga, ifanana ndi imeneyi, ngakhale inacitikira kutali ku Ulaya.

Johann Sebastian Bach anabadwa ku Eisenach, m'dziko la Germany, m'caka ca 1685, namwalira ku Leipzig mu 1750. Dziko lonse limchula katswiri wopeka nyimbo, koma nchito imene anadyerapo kuyambira 1723 inali yonga yathu. Anali mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ya Tomasi Woyera, ndipo anali kugawa anyamata ogona pasukulupo kuti akayimbe m'machalichi anai a mumzindamo. Pa 23 August 1730 analembera akulu a mzinda kalata yodandaula, nawerenga ana ace motere: 17 okhoza, 20 osafikapo, ndi 17 osathandiza konse. Anapempha kuti kwaya iri yonse ikhale ndi oyimba 12, kapena 16 cikadatheka. Yankho la akuluwo silinapezeke. Yense wa ife amene anayesapo kugawa kalasi m'mau anai, napeza kuti a besi ali awiri okha ndipo mmodzi wapita kukaweta ng'ombe, aimvetsa kalata imeneyi popanda womasulira.

Bach atamwalira, nyimbo zace za m'chalichi zambiri zinangogona m'mapepala. Mu 1829 mnyamata wa zaka 20, Felix Mendelssohn, anaukitsa ku Berlin nyimbo yaikuru ya Masautso a Yesu monga analembera Mateyu. Anaifupikitsa kwambiri, naiyimbitsa ndi kwaya ya anthu oposa 100. Kuyambira pamenepo anthu anazolowera kumva Bach ndi makwaya akulu ndi zoyimbira zatsopano zaphokoso, zimene mwini wace sanazione.

Tsono galamafoni itafika, ena anayamba kufunsa kuti, Kodi iye mwini anali kumva ciani? Wanda Landowska anakana piyano, ndipo mu 1933 ku Paris anajambula Goldberg Variations pa harpsichord, limba lakale limene nsambo zace zikoledwa monga za bangwe, osati kumenyedwa. Koma limba lace linali lopangidwa catsopano ndi kampani ya Pleyel, lolimbitsidwa ndi citsulo, kotero kuti a pambuyo pace anati iyenso sanafike. Ku Basel, August Wenzinger anajambula Brandenburg Concertos pakati pa 1950 ndi 1953, ndipo Nikolaus Harnoncourt wa ku Vienna anazijambulanso mu 1964 ndi zoyimbira zakale: mavayolini a nsambo za matumbo a nkhosa, zitoliro za mtengo, ndi malipenga opanda mabatani, obvuta kuomba. Oyimba otere amatsitsanso doh wao pang'ono, theka la sitepe, ndipo mau amveka ofewa ndi oyera.

Nchito yoposa zonse inayamba mu 1971, pamene Harnoncourt ndi Gustav Leonhardt wa ku Amsterdam anagawana makantata, ndizo nyimbo zimene Bach anapekera mapemphero a pa Sabata, pafupifupi 200. Inawatengera zaka pafupifupi 20. Mau apamwamba anawapatsa anyamata, monga kunaliri ku Leipzig. Omva ena anadandaula kuti anawo apuma posayenera, ndi kuti nthawi zina mau awathera. Ine ndiyesa kuti pamenepo m'pamene mbalezo zinena zoona, pakuti Bach anapekera ana a sukulu, si angelo ai.

Mkangano sunathe. Mu 1981 Joshua Rifkin wa ku America, atapenda mapepala amene oyimba a Bach anali kugwira m'manja, ananena kuti kawirikawiri liu liri lonse linali ndi woyimba mmodzi yekha, ndipo mbale zace za Misa ya B minor, zoyimbidwa motero, zinaturuka mu 1982. Otsutsana naye anatenga kalata ija ya 1730 nati, Onani, apempha 12. Iye anayankha kuti 12 ndiwo olembedwa m'kaundula, kuti wina akadwala pakhale wolowa m'malo, si kuti onse ayimbe pamodzi ai. Mbali zonse ziwiri ziwerenga kalata imodzimodzi ya mphunzitsi wosowa ana. Masaaki Suzuki, amene anajambula makantata onse a m'chalichi ku Kobe, m'dziko la Japan, kuyambira 1995 kufikira 2013 pa mbale 55, anasankha kwaya yaing'ono ya oyimba angapo pa liu liri lonse, kufupi ndi ciwerengero cimene Bach anapempha kwa akulu a mzinda.