Malipiro a Mwamuna Mmodzi

Pamene Boma linasamutsa likuru lace kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, mzindawu unayalidwa ndi ganizo lakuti munthu wakuda ndiye mlendo m'tauni. Pambuyo pace ku Kabulonga kunamangidwa nyumba za Azungu pa mabwalo akuru, ndipo kuseri kwace kunali kacipinda ka wophika. Ku Kabwata anchito anapatsidwa tinyumba tozungulira ta udzu.

Oŵerenga cuma a masiku amenewo anali ndi masamu ao. Anati malipiro akwanire mwamuna yekha, pakuti mkazi ndi ana ali ndi munda kumudzi, ndipo mwamunayo akakalamba kapena kudwala adzabwerera komweko. Motero mudzi unasanduka nkhokwe ndi cipatala ca tauni, wosalandirapo ngakhale kobiri. Koma akanalima ndani, amuna atacoka? Godfrey Wilson, amene anafufuza moyo wa anchito ku Broken Hill, anasonyeza m'1941 kuti ambiri anali atakhazikika kale m'tauni, ndi kuti midzi yakutali inali kusauka.

Phyllis Deane, poŵerenga cuma ca dziko lino m'buku lace la 1953, anakomana ndi bvuto lina. Mkuwa unali ndi mtengo wodziŵika, koma mkazi wosinja cimanga, wotunga madzi ndi wotola nkhuni analibe malipiro akuti nkulemba, cinkana anadyetsa mtundu wonse.

Lamulo la 1948 linalola kuti anchito okwatira apatsidwe nyumba, koma nyumbazo sizinakwanire. Otsalawo anadzimangira okha ku Kalingalinga, pafupi ndi Kabulonga pomwe.