Anime ndi Mibadwo ya Achinyamata

Anime ndi makatuni opangidwa ku Japan, kaya oonetsedwa m'magawomagawo pa wailesi ya kanema kapena mafilimu athunthu. Ku Japan komweko liwuli limatanthauza katuni aliyense, ngakhale wochokera ku America, koma kunja kwa dzikolo anthu akati anime amanena za a ku Japan okha. Kwa zaka zambiri dzinali linkadziwika ndi anthu ochepa m'maiko akunja. Lero achinyamata ambiri obadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake amawadziwa makatuniwa monga amadziwira mpira ndi nyimbo, pamene makolo awo amangoti ndi zoonera ana. Kusiyanaku kuli ndi gwero lake: m'badwo uliwonse unakumana ndi anime m'njira yakeyake.

Chiyambi chake ku Japan

Makatuni oyamba a ku Japan anatuluka mu 1917, ndipo anali aafupi komanso opanda mawu. Mu 1958 kampani ya Toei inatulutsa Hakujaden, filimu yaitali yoyamba yokhala ndi mitundu. Koma tsiku limene ambiri amati anime a masiku ano anabadwa ndi 1 Januwale 1963, pamene Fuji TV inayamba kuonetsa Tetsuwan Atomu, amene kunja amadziwika kuti Astro Boy. Mwini nkhaniyi anali Osamu Tezuka, amene anabadwa mu 1928 n'kumwalira mu 1989.

Tezuka ankayenera kupereka gawo latsopano sabata iliyonse ndi ndalama zochepa, choncho anachepetsa zithunzi zojambula pamanja. Munthu akamalankhula, nkhope imaima duu, pakamwa pokha n'kumayenda. Pofuna kuonetsa mantha, kamera imasendera pang'onopang'ono pa chithunzi chimodzi mpaka diso litadzaza galasi lonse. Njira yosungira ndalamayi inasanduka maonekedwe amene anime amadziwika nawo mpaka lero, ndipo inachititsa kuti mphamvu yaikulu ikhale pa nkhani ndi pa mtima wa anthu a m'nkhanimo.

Anime ambiri amayamba ngati manga, mabuku a nkhani za zithunzi. Magazini ya Weekly Shōnen Jump, imene inayamba mu 1968, inafika posindikiza makope oposa 6 miliyoni pa sabata mu 1995. M'magazini imeneyi ndi mmene munabadwira Dragon Ball, One Piece, Naruto ndi Demon Slayer. Nkhanizi amazigawa potengera owerenga: shōnen ndi za anyamata, shōjo za atsikana, seinen za amuna aakulu, josei za amayi.

Ku Japan kusiyana kwa ana ndi makolo pa nkhaniyi n'kochepa. Mwana amene anaonera Astro Boy ali ndi zaka 10 tsopano wapitirira zaka 70. Sazae-san, nkhani ya banja wamba, yakhala ikuonetsedwa Lamlungu madzulo kuyambira 1969, ndipo agogo amaonera pamodzi ndi adzukulu. Mu 2008 unduna woona za maubale ndi maiko akunja unasankha Doraemon, mphaka wa loboti, kukhala kazembe wa anime.

M'badwo woonera osadziwa kumene zachokera

Ana oyamba kuonera anime kunja kwa Japan nthawi zambiri sankadziwa kuti ndi a ku Japan, chifukwa mawailesi ankasintha mayina n'kuikamo mawu a chinenero chawo. Ku America, Astro Boy anafika mu 1963 momwemo, kenako Speed Racer mu 1967. Ku France, Grendizer anatchuka mu 1978 ndi dzina lakuti Goldorak, ndipo pulogalamu ya ana ya Club Dorothée inapitiriza mwambowu kuyambira 1987 mpaka 1997. Ku South Africa, Heidi wa mu 1974, nkhani ya mtsikana wa m'mapiri a ku Switzerland, anaonetsedwa m'Chiafrikaans ndipo anakondedwa kwambiri.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Captain Tsubasa, nkhani ya mnyamata wampira. Ku Spain ankaitcha Oliver y Benji, ku Italy Holly e Benji, ku France Olive et Tom, kumaiko a Aluya Captain Majed. Fernando Torres, katswiri wa mpira wa ku Spain, ananenapo poyera kuti katuniyu anamulimbikitsa ali mwana. Anthu a m'badwo umenewu amakumbukira nkhanizo ndi nyimbo zake, koma ambiri anadzamva atakula kuti zonsezo zinajambulidwa ku Japan.

M'badwo wa Dragon Ball ndi Pokémon

M'zaka za m'ma 1990 dzina lakuti anime linayamba kumveka palokha. Filimu ya Akira ya mu 1988 ndi Ghost in the Shell ya mu 1995 zinaonetsa azungu kuti katuni angathe kukamba za ndale, za nkhondo ndi za imfa. Okonda anime ankamasulira okha mafilimu, kulemba mawu m'munsi mwa zithunzi, n'kumatumizirana matepi a vidiyo pa positi.

Mu 1997 Cartoon Network inayambitsa pulogalamu ya Toonami, imene inatchukitsa Dragon Ball Z ndi Sailor Moon pakati pa ana oweruka kusukulu. Pokémon, amene anayamba ngati masewera a pa Game Boy mu 1996, anasanduka katuni mu 1997 n'kufalikira dziko lonse. Komabe omasulira ankabisabe Chijapani chake: mu Pokémon wa Chingerezi, mibulu ya mpunga imene ana a ku Japan amatenga ngati kamba inatchedwa madonasi, ngakhale mwana aliyense ankaona kuti ndi mpunga. Mu 2003 filimu ya Hayao Miyazaki ya Spirited Away inapata mphoto ya Oscar, ndipo anime anayamba kulemekezedwa ngakhale ndi akuluakulu oona za mafilimu.

M'badwo wa intaneti

Achinyamata a lero sadikira wailesi kuti iwasankhire zoonera. Crunchyroll, imene inayamba mu 2006, inayamba kuonetsa anime ololedwa ndi eni ake okha mu 2009, ndipo gawo latsopano limafika kwa oonera akunja patangopita maola ochepa, mwinanso ola limodzi, litaonetsedwa ku Japan. Sony inagula kampaniyi mu 2021 pa mtengo woposa madola 1 biliyoni. Netflix nayo inanena kuti oposa theka la makasitomala ake amaonerako anime.

Mliri wa Covid-19 unawonjezera moto. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, ambiri anapeza nthawi yoonera nkhani zazitali. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya Demon Slayer: Mugen Train, imene inadzapeza ndalama zoposa mayeni 40 biliyoni ku Japan, kuposa Spirited Away, ndipo inaposa mafilimu onse otuluka m'chakacho pa ndalama zopeza pa dziko lonse. Tizidutswa ta masekondi ochepa pa TikTok ndi YouTube timachititsanso kuti ngakhale amene sanaonerepo gawo lathunthu azizindikira nkhope ya Goku wa mu Dragon Ball kapena ya Naruto.

Kafukufuku amene Polygon inafalitsa mu 2024, atafunsa akuluakulu oposa 4,000 a ku America, anasonyeza kusiyana kwa mibadwo momveka. Mwa a m'badwo wotchedwa Gen Z, anthu 42 pa 100 alionse amaonera anime sabata iliyonse. Mwa akulu awo, otchedwa Millennials, anali 25. Mwa a Gen X anali 12. Mwa achikulire a m'badwo wa Boomers anali atatu okha. Bungwe la Association of Japanese Animations linapeza kuti mu 2023 malonda onse a anime anafika pa mayeni pafupifupi 3.3 thililiyoni, ndipo ndalama zochokera kunja zinaposa za ku Japan komweko.

Mmene chidwichi chimaonekera

Kudziwa anime kwalowa m'kalankhulidwe. Achinyamata amene sanapondepo ku Japan amagwiritsa ntchito mawu monga senpai, kutanthauza wamkulu kusukulu kapena kuntchito, kawaii ponena za chinthu chokongola mosangalatsa, ndi otaku ponena za munthu wotengeka kwambiri ndi zimenezi. Pakati pawo pali mtsutso wosatha wa sub ndi dub: ena amafuna kumva Chijapani chenicheni uku akuwerenga mawu a m'munsi, ena amafuna mawu a chinenero chimene amamva. Pa misonkhano ikuluikulu monga Comiket ya ku Tokyo, imene inayamba mu 1975, Anime Expo ya ku Los Angeles ndi Japan Expo ya ku Paris, ambiri amabwera atavala ngati anthu a m'nkhanizo, mchitidwe wotchedwa cosplay.

Chidwichi chafikanso m'mabwalo a masewero ndi m'misewu. Mu 2024, pa mpikisano wosankha othamanga a America opita ku Olimpiki, Noah Lyles anatulutsa khadi la masewera a katuni wa Yu-Gi-Oh! m'chovala chake n'kulionetsa ku kamera asanayambe kuthamanga. Akira Toriyama, mwini Dragon Ball, atamwalira pa 1 Malichi 2024, khamu la anthu linasonkhana pakati pa mzinda wa Buenos Aires kudzamulira. Mu 2025 mbendera yakuda ya mu One Piece, yokhala ndi chigaza chovala chipewa cha udzu, inanyamulidwa ndi achinyamata ochita zionetsero ku Indonesia, ku Nepal ndi ku Madagascar. M'nkhaniyo mbenderayi ndi ya mnyamata wotchedwa Luffy ndi gulu la anzake, amene amakana kugonjera boma lopondereza. Achinyamata a maiko atatu a zinenero zosiyana anamva tanthauzo lake popanda wowafotokozera, pamene akuluakulu ambiri anayamba afunsa kuti chigazacho n'cha chiyani.

Chimene chimawakopa

Nkhani zambiri zotchuka zimayamba ndi mwana wonyozeka. Naruto ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse umamusala, ndipo amalumbira kuti tsiku lina adzakhala mtsogoleri wa mudziwo. Tanjiro wa mu Demon Slayer ndi mnyamata wogulitsa makala amene apeza banja lake litaphedwa, nanyamula mlongo wake m'bokosi kumsana kukafuna chomuchiritsa. Aliyense amene anamvapo nthano za mwana wamasiye pamoto madzulo angazindikire mtima wa nkhani zotere.

Kutalika kwa nkhanizi kumamanganso ubale. Naruto ndi Naruto Shippuden pamodzi ali ndi magawo 720, kuyambira 2002 mpaka 2017. Mwana amene anayamba kuonera ali ku pulayimale anamaliza ali pa ntchito, ndipo Naruto naye anali atakula mpaka kukwatira. Anthu a m'nkhanizi amalephera, amalira, amafa, ndipo ngakhale mdani amapatsidwa mbiri yofotokoza chimene chinamuumitsa mtima. Palinso anime a mtundu uliwonse: a mpira, a zophikaphika, a chikondi, a zaufiti, a moyo wa kusukulu, kotero kuti aliyense amapezamo wake.

Kummwera kwa Africa

M'chigawo chino kusiyana kwa mibadwo kumakula chifukwa m'maiko ena wailesi ya kanema inafika mochedwa. South Africa inayamba kuulutsa mu 1976, ndipo Malawi inatsegula wailesi yake ya kanema mu 1999. Makolo ambiri anakula opanda makatuni a mtundu uliwonse. Ana a m'zaka za m'ma 2000 anakumana ndi Dragon Ball Z ndi Pokémon pa mawailesi a ku South Africa ndi pa DStv, pamene a lero amadalira foni. Kumene bandulo ya intaneti ndi yodula, magawo amayenda kuchoka pa foni ina kupita pa ina, kapena pa fulashi. Ambiri amaonera m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, motero amene anapita patsogolo ndi sukulu komanso a m'tauni ndiwo amawadziwa kwambiri. Msonkhano wa Comic Con Africa, umene unayamba ku Johannesburg mu 2018, umasonkhanitsa ambiri okonda anime.

Africa nayo imapezeka m'nkhanizi. Kimba the White Lion wa Tezuka, wa mu 1965, ndi nkhani ya mkango wa m'nkhalango za ku Africa. Mu 2021 Netflix inatulutsa Yasuke, yotengera munthu weniweni wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 n'kudzatumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga. Wansembe wina wa ku France, François Solier, analemba mu 1627 kuti munthuyu anachokera ku Mozambique.

Zofunika kusamala

Vuto lalikulu ndi kuganiza kuti katuni aliyense ndi wa ana. Attack on Titan, amene anaonetsedwa kuyambira 2013 mpaka 2023, ali ndi magazi ambiri ndi zochititsa mantha, ndipo palinso anime a zolaula opangidwira akuluakulu okha. Makampani oonetsa amalemba msinkhu woyenera pa nkhani iliyonse, koma gawo lolandira kwa mnzako pa foni silibwera ndi chenjezo. Nthawi nayo imapita: One Piece wadutsa magawo 1,100, amene ndi maola oposa 400.

Palinso nkhawa ya anthu ojambulawo. Ngakhale malonda akukwera, ojambula ongoyamba kumene ku Japan amadziwika ndi malipiro ochepa ndi maola aatali, ndipo kuonera pa masamba akuba kumachepetsanso ndalama zobwerera kwa eni ntchito.

Kudziwa kwa achinyamata nakonso kuli ndi malire. Ambiri amadziwa nkhani za shōnen zatsopano koma sanamvepo za Tezuka, kapena za Grave of the Fireflies ya Isao Takahata ya mu 1988, filimu ya ana awiri ovutika ndi njala kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Komabe mpata wa pakati pa makolo ndi ana ukucheperachepera. Amene ankathamangira kunyumba kukaonera Goku chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tsopano ali ndi ana awo, ndipo mwana akatchula dzina la katuni amene akuonera, kholo lotere limadziwa ngati ndi woyenera msinkhu wake, mwinanso n'kukhala naye pansi kuonera limodzi, monga akhala akuchitira mabanja a ku Japan kwa zaka zoposa 50.