Mbiri ya kuthowa ndi kusisita kumudzi kuno

Nyengo ya galauza ino aliyense akudandaula msana, ndiye lero tikambeko za kuthowa ndi kusisita thupi. Ndamva kuti m'tauni muli nyumba zomwe munthu amalipira ndalama kuti amutikite minofu, ena n'kumayesa kuti ndi nzeru yobwera ndi azungu. Ayi ndithu, zimenezi makolo athu ankachita kale chipatala chisanafike.

Kale nyumba yopanda nsupa ya mafuta a nsatsi inali yosowa. Amayi ankatola nsatsi zouma, kuzikazinga pa phale, kuzisinja mu mtondo, kenako kuziwiritsa m'madzi. Mafuta akayandama pamwamba ankawatapa pang'onopang'ono n'kusunga. Mafuta omwewo ndiwo ankadzola mwana akamusambitsa, kwinaku akumuwongola timanja ndi timiyendo. Mayi wa chikuta ankathowedwa msana ndi chiuno ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Bambo akabwera kumunda atabinya phazi, kapena agogo nyamakazi ikawagwira nthawi yozizira, mankhwala oyamba anali madzi a pamoto ndi manja a m'bale wake. Sankalipira kanthu, koma mwina chipanda cha thobwa.

Nthawi ya atsamunda matupi a anthu anaona zakuda. Kampani ya Mandala inayamba mu 1878, ndipo katundu wake wochokera ku mtsinje wa Shire ankakwera phiri kupita ku Blantyre pa mitu ya anthu a mtengatenga. Ena ankanyamula azungu pa machila. Njanji inadzafika ku Blantyre mu 1908, koma kumadera kwina mtengatenga unapitirirabe zaka zambiri, thangata naye ali pomwepo m'minda ya azungu. Tangoganizani khosi ndi mapazi a munthu woyenda masiku angapo ndi katundu pamutu. Akulu ankasimba kuti munthu wotero akafika pakhomo, madzi ankayamba atereka pamoto nsima isanaphikidwe.

Kenako kunabwera za m'sitolo. Amuna opita ku Joni pa Wenela ankabwerako ndi Vaseline ndi Zam-Buk m'masutikesi, mpaka ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri. Mafuta a m'botolo atazolowereka, atsikana anayamba kunyoza fungo la nsatsi, ndipo luso loyenga linayamba kutha. Mafuta anasintha, koma manja anali omwewo.

Chimene chinasokoneza kwambiri ndi kuchoka kwa manjawo. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi. A Bingu wa Mutharika anadzachotsa chiletsocho mu 2010, koma mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa chindapusa mayi wochirira pakhomo. Kuchirira kuchipatala n'kwabwino, kwapulumutsa amayi ambiri, ine sinditsutsa. Kungoti azamba aja ndiwo ankaphunzitsa atsikana kathowedwe, ndiye atakhala pansi maphunziro aja anakhalanso pansi. Onjezanipo kuti ana athu ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Agogo atsala ndi zidzukulu zosadziwa n'komwe kuti nsalu yothowera amaifinya bwanji.

Chodabwitsa n'chakuti achipatala nawo amagwiritsa ntchito manja. Bungwe la MAP linayamba mu 1979 kuthandiza ana opuwala ndi poliyo, ndipo ku Kachere ku Blantyre anthu ofa ziwalo amakachita mafizo. College of Medicine inayamba kuphunzitsa madokotala a mafizo mu 2010. Zimene amachita n'zoposa za agogo, pakuti iwo anaphunzira mmene mnofu uliwonse wakhalira, koma muzu wake ndi umodzi. Kutentha kumatsegula mitsempha kuti magazi ayende bwino pamalopo, kusisita kumamasula mnofu wokungika, ululu umachepa, munthu n'kugona tulo. Sikuti matenda onse amathera pomwepo ayi. Msana wa khasu umapepuka masiku angapo, mawa lake ukabwerera kumunda uyambiranso. Komabe masiku angapo a tulo si chinthu chochepa kwa mlimi.

Masiku ano sitiroko yachuluka chifukwa cha BP ndi shuga. Wodwala akatuluka m'chipatala amangogonekedwa pamphasa, dzanja lija n'kupindika, mwendo n'kuuma, zilonda n'kuyamba kumsana chifukwa chosatembenuzidwa. Pamenepa m'pamene pakufunika manja a pakhomo: kumutembenuza pafupipafupi, kumupinda ndi kumuwongola mfundo modekha tsiku ndi tsiku monga momwe a mafizo akuonetserani. Mukapita naye kuchipatala, afunseni akuphunzitseni, musachite manyazi.

Koma pali pena pomwe manja amawononga, ndipo apa ndikupemphani mumvetse. Fupa lothyoka salitikita, pitani nalo kuchipatala likaunikidwe. Phazi longobinya kumene limafuna madzi ozizira tsiku loyamba ndi lachiwiri, otentha pambuyo. Mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka pa katumba popanda kuvulala, musaugwire, mwina magazi aundana ndipo mukasisita akhoza kuthamangira ku mapapo munthu n'kufa. Mimba ya mayi woyembekezera sakanikiza. Bala la opareshoni salithowa. Polumidwa ndi njoka sasisitapo. Munthu wa shuga kapena wa sitiroko nthawi zina samva kutentha, ndiye yambani mwayesa madziwo pa mkono wanu, mungamuwotche. Ndipo nsatsi zisungeni patali ndi ana, njere zake n'zapoizoni mwana akatafuna.

Inu a m'tauni, ndalama za pa foni zomwe mumatumiza timathokoza, zimagula sopo ndi panado. Koma mukabwera pa Khirisimasi musangokhala pa mpando n'kumajambula zithunzi. Terekani madzi, tengani kansalu, muwathowe amayi anu msana ndi mawondo, ana anu akuona. Ndipo ngati m'mudzi mwanu mukadali agogo odziwa kuyenga nsatsi, tumizaniko mtsikana mmodzi akaphunzire akadali moyo. Paja akulu ndi mdambo mozimira moto.

Mvula yayandikira, tiyeni timalize mizere. Mukhale bwino nonse.