Mapolo a magetsi omwe amalozera njira mu Central Park

Central Park ya ku New York ndi ya mahekitala 341, kuyambira msewu wa 59 mpaka wa 110. Kusochera m'menemo n'kosavuta, makamaka kukada. Komatu ambiri sadziwa kuti mapolo a magetsi a m'pakiyi ndi zikwangwaninso.

Pamapolowo pali manambala anayi. Awiri oyamba akukuuzani msewu umene mwayandikira. Otsiriza akakhala ogawika ndi 2, muli chakum'mawa. Akakhala osagawika, muli chakumadzulo. Mwachitsanzo, 7304 ndiye kuti muli pafupi ndi msewu wa 73, chakum'mawa.

Chikwangwani chabwino chimatero basi: zolemba zochepa, zoikidwa pomwe munthu angazione msanga. Kaya mapu a pafoni akuvuta, kaya mukuitana ambulansi, kanambala kameneko kakupulumutsani.