Buku la Erasmus Loseka Ansembe

Lero timve mbiri ya ku Ulaya.

Kale alimi a kumeneko analikupereka ku mpingo cakhumi ca zokolola zao. Koma ansembe ena analikungodya osaphunzitsa anthu, ndipo ena analikugulitsa zikalata zocepetsa cilango ca macimo. Wodandaula poyera analikuopa mlandu.

M'caka ca 1509 Erasmus wa ku Rotterdam, nayenso wansembe, analemba buku ali kwa bwenzi lace Thomas More ku England, ndipo linasindikizidwa ku Paris mu 1511. M'bukumo Ucitsiru ulankhula monga mkazi wodzitama, nuwerenga amonke osadziwa kuwerenga ndi apapa okonda nkhondo pakati pa anthu ace. Awerengi anaseka, pozindikira zimene analikuziona masiku onse.

Akuru a mpingo anacedwa kukonza zinthu. Mu 1517 Martin Luther anatsutsa malonda a zikalata aja, ndipo pambuyo pace mpingo unagawanika. Anthu anati Erasmus anaikira dzira, Luther nalifungatira, ngakhale Erasmus sanacoke m'mpingo wa Katolika. Mu 1559 Papa analetsa mabuku ace, komabe mu 1563 msonkhano wa ku Trent unalamula sukulu zophunzitsa ansembe, ndipo mu 1567 malonda aja analetsedwa. Bukulo liwerengedwabe lero m'zinenero zambiri.

Inu mafumu, nyimbo ya pamtondo ikakuchulani, musafunefune woyimba. Yambani mwafunsa ngati inena zoona. Wakutsina khutu ndi mnansi.