Mfuti ya gogodela ya ambuye athu

Ife a m'komboni mfuti ya Winchester ya 1873 tinaidziwira m'mafilimu. Ambuye athu ku Feira, kumene lero ndi Luangwa, anali ndi ya gogodela. Achikunda, monga anthu a Kanyemba, ankaphera nayo njovu: kuthira onga ndi chipolopolo kukamwa kwake, kusindira ndi kandodo, kuwombera kamodzi basi.

Ikavuta inkapita kwa wosula, ndipo nkhani inali pa kachitsulo kokoka ndi chala. Kakalimba, dzanja linkagwedezeka, njovu n'kukutembenukira. Akakapala ndi tupa mopitirira, mfuti inkalira yokha ukangopunthwa, mwina mnzako ali kutsogolo.

Tikamadutsa pa mawelda a ku Kalingalinga timakumbuka manja amenewo. Koma iwo amapanga mageti. Ya gogodela yopanda laisensi lero imakugoneka kupolisi.